Njira Yotsala

Pa Cerro Barón, nyumba yathu ili kumapeto
kwa masitepe zana limodzi ndi makumi anayi kudza awiri.
Ndinawawerenga mu Epulo,
Efraín atandigwira m'khwapa,
chilonda chidakali chachiwisi kunsi kwa bulauzi.

Dokotala Maturana anajambula kuseri kwa envelopu:
apa chiberekero, apa timachubu tiwiri.
Anaika kadontho pakati pa ka kumanzere.
"Anakhala apa," anatero. "Kunyumba sanafike."
Ine ndinaona mlendo wotopa
amene wakhala pansi pakati pa masitepe,
namasula katundu wake pomwepo,
nayamba kumanga.
Masitepe sangasenze nyumba.
Anang'ambika usiku, ndikutsuka mbale,
ndipo ululu, chodabwitsa, unakatulukira paphewa.

Kachubu ka kumanzere anachotsa.
Ndinatsala ndi zipsera zitatu, zazing'ono ngati mabatani,
ndi mawu amene aliyense ankandipatsa ngati chenje:
"Bola uli moyo."
Inde, ndili moyo. Ndinkayankha choncho
kwa Ximena, kwa apongozi, kwa mayi wogulitsa mapeyala pakona.
Maliro sitinachite. Tikanaika chiyani?
Ngakhale dzina linali lisanapse.

Anati tidikire miyezi itatu. Tinadikira isanu ndi iwiri.
Efraín ankabwera kuchokera kudoko
akununkha dzimbiri ndi mchere,
n'kugona m'mphepete mwa bedi ngati ndine galasi.
Usiku wina ndinakoka dzanja lake
n'kuliika pachipsera chapakati.
"Werenga," ndinatero. "Zilipo zitatu basi.
Kwina konseku ndine yemwe uja."
Anayamba walira kaye.

Tsopano kalendala ya kukhitchini yadzaza timizere ta pensulo.
Mwezi ukakwana, magazi akabwera,
ndimakhala m'bafa ndi mitima iwiri:
wina ukulira,
wina ukupuma kuti mwezi uno sindifa.
Zimenezi sindinauzeko munthu.

Dokotala akuti kachubu kamodzi n'kokwanira,
akuti nthawi zina kamatola ndi dzira la mbali inayo,
kudzitambasula ngati mkono wa munthu
wolandira mchere kutsidya kwa tebulo.
Ndimakaganizira ndili m'chikepe chakale cha paphiri pathu,
matabwa akulira, mawondo akunjenjemera,
ngolo imodzi ikukwera, inzake ikutsika,
zonse pa chingwe chimodzi.

Lero m'mawa, nkhungu itaphimba zombo,
kamzere kachiwiri kaoneka.
Kotumbululuka, kongofuna kuzimiririka.
Ndakayang'ana pawindo, pansi pa babu, pawindonso.
Sindinakuwe.
Ndagwira phewa langa,
ndalifunsa ngati likumva kanthu.

Lachinayi akanditenga magazi, Loweruka akatenganso,
kuona ngati nambala ikuwirikiza.
Kenako sikani, chipinda chamdima chomwe chija,
ndi nkhope ya namwino imene ndinaphunzira kuiwerenga
asanatsegule pakamwa.
Azimayi ena amafunsa ngati mulidi kanthu.
Langa funso ndi lina: uli pati?

Iwe kanthu kosaoneka, tamvera.
Njira yatsala imodzi, yopapatiza, ndikudziwa.
Usapumire panjira.
Ukatopa kwawa, gubuduka, dzikoke,
koma katundu usamasule.
Mnzako anamasula.
Pitirira mpaka pofewa, potakasuka,
pamene makoma amadziwa kufutukuka.
Ndasesamo kale. Nyali ikuyaka.

Efraín sakudziwabe, ali kudoko mpaka sikisi.
Kachipangizo ndakakulunga m'sokisi yake yakale
chifukwa sindinadziwe kokaika.
Ndatsika kukagula buledi kwa Don Aurelio,
wandifunsa chomwe ndikumwetulira,
ndati sindikumwetulira, ndi dzuwa.

Pobwerera chikepe ndachisiya chipite chokha.
Ndakwera wapansi, buledi m'khwapa,
zana limodzi ndi makumi anayi kudza awiri,
pang'onopang'ono,
osapumira pa sitepe ngakhale imodzi,
kuti uonereko.