Woyendera Mijigo

Ndimadzuka nyenyezi zisanazime,
ketulo ikulira pa moto wa gasi,
Noeleen akulemba ndi choko pakhoma
mijigo yoti ndiyendere lero:
wa Chitatu, wa Mtengo Wouma, wa Khwangwala.
Makilomita mazana atatu osapatsana moni ndi munthu.

Kuno pakati pa Australia
mnansi sapita kukapala moto kwa mnzake.
Makalata amatera pa ndege Lachinayi,
dokotala nayenso amachokera kumwamba,
ndipo mwana wathu Tamsin amaphunzira masamu
kwa mphunzitsi amene sanagwiranepo naye chanza.

Fumbi lofiira psuu limalowa m'mano,
m'makutu, ngakhale m'buledi wokulunga kawiri.
Ntchentche zimandikwera kumsana ngati ndine basi yaulere.
Galu wanga Tuppence, lilime lende pawindo,
amauwa kangaru aliyense, osatopa,
ngati lero ndiye tsiku loti amugwire.

Ng'ombe zikwi khumi ndi ziwiri,
palibe ndi imodzi yomwe yondidziwa dzina.
Zimadziwa kulira kwa galimoto basi.

Lachiwiri lapitali, pa mjigo wa Khwangwala,
ndinamva vuto ndisanalione:
kunali zii.
Injini yosagunda. Chomwera chouma gwaa,
pansi pake buluzi ataotha dzuwa.
Ng'ombe zitaima mozungulira, ndwii,
maso onse pa ine
ngati ndabwera mochedwa pamaliro.

Lamba anali ataduka.
Ndinagona chagada pa mchenga wowotcha,
sipanala ikundipsereza chikhatho,
thukuta likulowa m'maso ngati mchere.
Ndinatukwana bawuti, ndinaipepesa,
ndinaitukwananso.
Kenako injini inatsokomola.
Paipi inayamba yalavula mpweya,
kenako dzimbiri,
kenako madzi.
Ndani anati ng'ombe sizithamanga?

Imodzi sinadzuke.
Yofiira, ya nyanga imodzi, nthiti zowerengeka,
khwangwala atayamba kale kuiyeza maso.
Thole lake linkaikankha kumimba
kufunsa zimene kunalibe.
Ndinaithira madzi m'kamwa ndi chipewa changa,
madzi anabwerera pansi.
Mfuti imakhala kuseri kwa mpando.
Sindinena zambiri.
Zinkhwe zoyera mbee zinauluka zonse pamodzi,
zikulalata,
kenako kunabwereranso zii.

Thole ndinalikhazika kutsogolo,
Tuppence atakwiya kuti walandidwa malo.

Wailesi inakhosomola: anali Clarrie,
akufunsa ngati madzi atuluka.
Clarrie amene bambo ake anaweta ng'ombe pano
malipiro ake ufa, tiyi ndi fodya,
pa dziko limene makolo awo ankaliimbira
mpanda wa waya usanabadwe.
Iye amati pamenepa panali kasupe wokhala ndi dzina
Khwangwala asanalembedwe pa mapu.
Anandiuzapo kawiri dzinalo.
Lilime langa linapunthwa kawiri konse,
iye n'kuseka mpaka kugwira mpanda.

Ndinati, atuluka, koma imodzi yatsala.
Anakhala chete mtunda wa kilomita yathunthu.
Kenako anati, mitambo ikumanga kumpoto,
mwina sabata yamawa.
Mawu omwewo ananena mwezi watha.

Ndinatsegula ndi kutseka mageti asanu ndi anayi,
lililonse kutsika, kukwera, kutsikanso.
Nyale ya pakhonde ndinaiona
kukadali theka la ola kuti ndifike.

Tamsin anatuluka wopanda nsapato,
botolo la mkaka wa ufa lili kale m'manja,
poti wailesi ya kukhitchini sisunga chinsinsi.
Thole linayamwa mpaka thovu kukhosi,
mchira ukuzungulira ngati chopukusira mphepo.
Analitcha Lachiwiri.
Ndinati usalipatse dzina, udzalira
malole aatali akadzabwera kudzatenga ng'ombe.
Anati ndikudziwa, adadi,
osandiyang'ana n'komwe.

Noeleen anafufuta khoma ndi chigongono
n'kulemba ya mawa:
wa Chisanu, wa Mchere, wa Malire.
Pansi pake anawonjezera timalemba tating'ono:
tenga malamba awiri.