Kope la Mayi Nankhoma

Woyamba anavala suti yonyezimira.
Tinakumana pa Bwalo la Njobvu,
anati, "Fesa mbewu, mlongo, Lachisanu ukolola kakhumi."
Lachisanu foni yake inali yozima.

Achiwiri ndinawapeza ku Kawale,
m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi,
mipando iwiri yosafanana, kalendala ya chaka chatha.
Mayi Nankhoma. Pemphero lawo linali lalifupi.
Atangoti ameni, anapempha malisiti.

Ndinakhuthula jumbo yonse:
belo la kaunjika la ku Tsoka,
katapila wa kwa Chimpweya,
fizi ya Tiyese yotsala theka.
Manyazi anandigwira pakhosi.

Sanandidzudzule. Anasongola pensulo.
"Chakhumi ndi ichi, lendi ndi iyi.
Nanga zikwi zisanu izi zalowera kuti?"
Ndinati kumaliro.
Anaseka: "Kumaliroko amakazinga tchipisi?"

Nditafunsa malipiro awo,
anawalemba poyera, pansi pa deti.

Tsopano Lolemba lililonse
ndimawoloka ulalo wamatabwa, kope lili m'khwapa.
Ngongole sinathe ayi,
koma ndikuidziwa dzina, msinkhu,
ndi tsiku limene tidzaiike m'manda.
Usiku ndimagona.