Miyala Imene Imadya Usiku

Dona Venansiya anapita ku Beira kukaika mlongo wake.
Anandisiyira makiyi, galu, ndi nyanja
yotalika ngati chitseko chogoneka,
m'galasi, pabalaza, kuno ku Matundo.

Ine Jenuwariyo, mwana wa ku Ulongwe,
wodziwa mbatatesi ndi chisanu cha Juni,
madzi amchere sindinawapondepo.
Madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi Zambezi,
wamatope, wodutsa pansi pa mlatho osapereka moni.

Pepala analimata pa firiji:
Usalowetsemo dzanja la sopo.
Madzi akaphwa onjezera opanda mchere,
pakuti madzi amathawa, mchere umatsala.
Mzere umenewu ndinauwerenga kawiri
ndipo ndinakumbuka zina zosakhudza nsomba.

M'mawa uliwonse ndimatunga madzi m'kabotolo,
kudonthezamo mankhwala, n'kumawerenga,
dontho limodzi, awiri, mpaka asanu ndi atatu,
mtundu utembenuke.
Nambala ndimalemba m'kope ngati namwino.
Odwala anga ndi miyala.

Akuti makorali.
Wina ali ndi nyanga za gwape,
wina ndi mbale yophwanthalala,
wina bongo wa mbuzi, koma wobiriwira.
Masana ali duu,
ungati zidole zogula pamsika wa Kwachena.
Koma nyali yabuluu ikazima
amatulutsa timanja tosawerengeka,
tofewa ngati tsitsi la khanda,
kupempha kwa madzi odutsa.
Mwala wanjala! Ndani akanandiuza?

Lachinayi magetsi anathima.
Inde, kuno ku Tete,
kumene mawaya a ku Songo amatidumpha pamutu
kukawalitsa mizinda ya eni.
Dzuwa la Novembala linakhala padenga
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Pampu zii. Madzi njii.
Kachingwe kofiira koyezera kutentha
kakukwera, kakukwera.

Ndinathamangira kwa Bonifasiyo wogulitsa pende,
ndinagula mabotolo asanu ndi limodzi a madzi oundana
ndi ndalama ya nsapato za Felisimina wanga.
Ndinawayandamitsa ali otseka.
Kenako chikho m'manja:
kutunga, kuthira, kutunga, kuthira,
ine ndekha kusanduka mafunde a nyanja imene sindinaione,
kuyambira masana mpaka tambala woyamba.
Phewa linayaka moto.
Galu ankandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Wanyanga uja sanapirire.
Anayamba kuyera kutsinde, mbee,
ngati fupa la ng'ombe ya chilala,
mnofu ukusendeka n'kumayandama.
Ndinaimba foni ku Beira.
Mawu a Dona anali atasasa ndi kulira kwina,
ndinachita manyazi kuwonjezera maliro a mwala.
Anakhala chete, kenako anati:
Thyola nsonga imene idakali ndi mtundu,
uimate ndi guluu pa kamwala koyera.
Ngati phesi la chinangwa? ndinafunsa.
Anaseka, mwina koyamba sabata yonseyo.
Eya, ngati chinangwa.

Manja ankanjenjemera.
Ine amene ndimasenza matumba a simenti awiri
ndinaopa kanthu kochepera chala cha nkombaphala.
Kanalira kuti thyo, ngati bisiketi.

Papita masabata atatu.
Fumbi la malasha a ku Mowatize limabwerabe madzulo,
ndimalipukuta pa galasi ndi malaya akale.
Nkhono ziwiri zimalima ndere mkati, ine ndimalima kunja.
Dona akuti abwera mvula ikagwa.
Felisimina akufunsa za nsapato,
ndamuuza kuti kutha kwa mwezi.

Dzulo ndinayeza kansonga kaja ndi mutu wa machesi.
Kutalika sikanatalike.
Koma pansi, pamene panali guluu,
kayala khungu latsopano, lopyapyala, lofiirira,
kagwira kamwala
ngati mlendo amene wavula nsapato.

Usiku ndinazimitsa nyali zonse,
ndinagwada ndi tochi yophimba ndi dzanja.
Ndinawerenga timanja khumi ndi tinayi.
Kachiwiri ndinapeza khumi ndi tisanu.
M'kope mulibe mzere wolembamo zimenezi,
ndiye ndazilemba m'mphepete.