Chikombole cha Orval Tveit

Maliro atatha, Darlene anandiitanira ku galaja.
"Tenga zonsezi, Wendell. Ana athu ali ku Seattle,
mfuti sadziwa n'komwe poigwira."

Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira mpanda,
mphepo ya ku Montana ikuluma makutu.

Ndinanyamula mphika wosungunulira mtovu, wakuda bii,
chipande chachitsulo chopindika khosi,
sikelo ya wonga yomwe imanjenjemera
ukangopumira pafupi,
ndi chikombole chija.
Zogwirira zake zamtengo zinapsa mbali imodzi,
ndipo pamene pankakhala chala chachikulu cha Orval
panakumbika kadzenje.
Changa sichikwanirapo. N'chachifupi.

Iyenso anachilandira kwa wina,
Emmett Rask, wokonza njanji.
Dzina lake likadali pabokosi, lolembedwa ndi msomali.

M'kope muli manambala a pensulo, zaka makumi anayi,
ndipo m'mphepete: "Mphepo yambiri. Ndaphonya."
"Gwape anandiyang'ana, ndamusiya."
"Darlene wadwala, sindinapite."
Tsamba lomaliza lili ndi deti lokha.

Loweruka ndinayatsa moto, khomo lili pululu.
Mtovu unasungunuka, n'kuwala ngati diso la nsomba.
Zipolopolo khumi zoyamba zinatuluka zamakwinya,
nkhalamba zobadwa kumene.
Ndinazibwezera mumphika.
Orval ankati chikombole chozizira sichinena zoona,
uyambe wachifunditsa, usachikakamize.

Cha khumi ndi chimodzi chinagwera pansalu,
chosalala, chotentha.
Sindinachiike m'khoko la mkuwa.
Chili pawindo la kukhitchini kwa Darlene,
pafupi ndi mankhwala ake a mtima.