Dambe Loponyera Kumbuyo

Kaundula wa timu yathu ndi kope la masamu
lomwe linamwa madzi chaka cha chigumula.
Masamba asanu ndi awiri anamatana.
Za zaka zimenezo musandifunse,
ndinganame.

Tsamba loyamba likuti mpira unabwera
m'bokosi la zitsulo za thirakitala,
wophwa, wopindika ngati nsapato yotayidwa.
Ataupopa pa shedi ya njinga pa Ngabu
wopopayo anapepesa:
"Ndawononga bwana, wakana kubulungira."
A Lapozo, mphunzitsi wa ulimi wothirira,
anaseka mpaka kutsokomola.
Ana osuzumira pampanda wa koleji ndiwo anautcha dambe,
ife n'kusanduka a Malambe
popanda wotifunsa.

Bwalo linali la makande,
ming'alu yomeza phazi la mwana,
minga paliponse.
Mwezi wa Okutobala tinkayamba nthanda isanazime
poti ikakwana naini koloko
dzuwa la kuchigwa silichita nthabwala ndi munthu.
Mapolo oyamba anali a bulugamu,
chiswe chinawamaliza teremu imodzi.
Achiwiri ndi mapaipi othiririra nzimbe.
Kaundula sakunena amene anawasenza usiku.

Amayi opita kotola thonje ankaima pamsewu
kutiona titakolana mapewa, mitu pansi,
asanu ndi atatu uku, asanu ndi atatu uko.
"Ataya ndalama ana a kukolejiwa?"
"Iyayi, nkhunzi za pamsika wa ng'ombe
zayamba kuvala makabudula."

Ulendo woyamba wa ku Blantyre tinakwera lole ya thonje.
Inawira pa Thabwa, tinatsika kukankha,
a Lapozo ali pambali: "Sikiramu ndi imeneyotu!"
Kumtunda kapinga anali wofewa
moti tinkachita manyazi kumuponda.
Anatithira makumi asanu ndi limodzi kwa duu.
Pansi pa nambalayo Zuze Fombe analemba ndi pensulo:
"Kunazizira."
Basi.
Zuze tinakamuika ku Tengani asanaone tikupambana.

Panapita zaka zisanu kuti akumtundawo atsikire kuno.
Tinapempha kuti masewero ayambe thuu koloko masana.
Sindinyadira zimenezo.
Koma Alufandika anapyola anthu atatu
atakumbatira dambe ngati mbuzi yakuba,
n'kukagwa nalo kuseri kwa mzere,
minga isanu m'chigongono,
ndipo mpaka lero amakana kuti inkapweteka.

Kenako madzi.
Bwalo linadzaza matenti.
Pamapolo athu anthu anayanikapo mabulangete,
pamzere wapakati panakhala mafuwa.
Majuzi athu amizeremizere tinagawa onse;
nambala naini inafunditsa khanda lobadwira m'tenti
usiku womwe jenereta inatha mafuta.
Apa mpomwe masamba anamatana.

Pomwe akutsegukanso, dzanja ndi lina.
Esinta Nyamazawo, wophunzira za ziweto,
anapeza dambe kuseri kwa matumba a feteleza
litaphwanso.
Analipopetsa ndi ndalama yake ya sopo,
n'kulemba mayina khumi ndi asanu a atsikana anzake
pansi pa athu,
osapempha chilolezo kwa ife okhala ndi zipsera.
Tinang'ung'udza sabata ziwiri.
Yachitatu tinkawatungira madzi.

Masiku ano ndimakhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo.
Bondo lamanzere limandiuza za mvula
kutatsala masiku awiri.
Chaka chilichonse pamapezeka wachaka choyamba
wofunsa zomwe tonse tinafunsa:
ngati tikupita kutsogolo,
mpirawu tikuuponyeranji kumbuyo?
A Lapozo sankayankha, ankangoliza wezulo.
Ine wezulo ndilibe.
Ndimamupatsa kope lija ndi bolopeni,
ndimati lemba kaye dzina lako,
malo alipo pansi pa a anzake a Esinta,
koma usanyowetse chala potembenuza tsamba.