Gombe la Mzinda Wopanda Nyanja

Mukandifunsa kumene ndimakhala
sinditchula nambala ya nyumba, ilibe.
Tsikani basi musanawoloke njanji,
nsanjika za m'tauni muzisiye kumsana,
mutsate fumbi loyera la miyala
mpaka nsapato zanu zitayamba kumwa madzi.
Mwafika. Kuno timati ku Gombe.

Musaseke. Ndikudziwa, Lusaka alibe nyanja.
Yathuyi adaikumba amayi athu
ndi nyundo, ndi matayala oyaka,
kugulitsa mwala wilibala imodziimodzi
kwa omanga ku Kabulonga.
Iwo adatsala ndi makoma,
ife tidatsala ndi dzenje,
ndipo mvula siona dzenje n'kulilambalala.

Chaka china kudabwera mtsikana wa kalembera,
kamakina m'manja, matope m'akakolo.
Adati: muli angati m'nyumba muno?
Ndidati: mukufunsa za mwezi uti?
M'chilimwe tilipo asanu ndi awiri.
Mu Febuluwale, madzi akalowa kwa amake Chipego,
timagona khumi ndi atatu,
osawerengera nkhuku.

Adafunsa za mtundu.
Ndidamulozera mzere wathu.
Chitseko chabuluucho ndi cha a Mundia, a ku Senanga.
Adathawa madzi kwawo, madzi adawalondola.
Chigumula chikafika amapalasa chifiriji chakufa,
kuwolotsa ana a sukulu,
mutu umodzi makwacha awiri,
koma wodwala salipira.
Oyandikana nawo ndi bana Kangwa a chikanda,
amene amakalipa m'Chibemba
n'kupepesa m'Chinyanja.
Kantemba ka pakona n'ka Nsengiyumva.
Za kwawo sakamba,
koma buku lake la ngongole
limatidziwa tonse kuposa boma:
ndani wachotsedwa ntchito, ndani ali ndi alendo,
ndani wayamba kugula sopo wa khanda.

Nanga mwana wanga Mwatitha mumuika bokosi liti?
Bambo wake Mtonga wa ku Monze,
ine Mchewa wa ku Katete,
mwiniwake sadafikeko konseko.
Chilankhulo chake adachitola pa siteshoni,
pakamwa pa oitanira mabasi,
ndipo akalota usiku sindimva theka.

Ana ndiwo ochuluka kuno,
ali ngati inswa mvula itakata.
Akazi tikuposa amuna,
poti ena ali kumigodi, ena ku Chingwere.
Okalamba mungawawerenge pa dzanja limodzi:
fumbi la mwala silidikira imvi,
limayamba ndi chifuwa.

Mtsikanayo adadinadina, n'kufunsa:
palibe wina amene mwamuiwala?
Ndidayang'ana kumadzi.
Alipo Yotamu ndi mng'ono wake Zuze,
adatsatira mpira wamapepala Loweruka lina.
Adawavuula tsiku lachitatu,
koma mayi wawo amanenabe kuti
anyamata ali kugombe.
Kamakinako kadalibe malo
a anthu okhala m'kamwa mwa amawo.

Adalemba nambala pachitseko ndi choko,
koyamba nyumba yanga kukhala ndi nambala.
Idakhala masabata atatu.
Mvula yoyamba idainyambita.

Ndamva kuti chiwerengero chidatuluka,
kuti tili m'buku, m'kati mwa mzere umodzi
pamodzi ndi makomboni ena asanu.
Chabwino.
Koma madzulo mphepo ikagona,
bwerani mudzaime pamulu wa miyala yanga.
Kakowa mmodzi amatera pakati pa mabotolo oyandama,
ana a Ilunga amawedza timatemba ndi neti ya udzudzu,
ndipo magetsi onse a m'tauni,
aja sadafike m'nyumba zathu,
amabwera okha kudzagona m'madzi mwathu,
chadodolido,
osalipira lendi.