Kondakitala wa M'chifuwa

Usiku wachitatu ku wodi ya amuna ku Kwinzi,
ndayala chitenje pansi pa bedi lako, Layitoni.
Iwe sugona chogona, ugona chokhala,
mapilo awiri kumsana, lachitatu ndi juzi yanga yopinda,
kukamwa kuli yasa, kusaka mpweya
ngati kuti wina waubisa kudenga.

Ndadina mwendo wako ndi chala.
Dzenje latsala, silikubwerera,
monga phazi pamchenga wonyowa wa ku Likhubula
kumene unakumba zaka khumi ndi zinayi,
madzi m'mawondo, fosholo m'manja,
kudzaza malole a eni mipanda ya ku Namiwawa.

Ndani ankadziwa kuti nawo mtsinje umakumba munthu?
Nkhono zija zinkalavula tizilombo tosaoneka,
tinalowa pakhungu osaodira,
tinamanga banja m'mitsempha yako,
mazira ake n'kutseka tinjira ta m'mapapo
monga majumbo atsekera ngalande za ku Ndirande
mvula yoyamba ikagwa.
Likodzo? unkaseka. Amenewo ndi matenda a ana a sukulu.

Dzulo a Msowoya, dokotala wa nsapato zafumbi uja,
anajambula mtima kuseri kwa buku lako la kuchipatala.
Anati: Mayi, m'thupi muli mtsempha wa changu.
Ndi umene umadzutsa mtima galu akakuthamangitsani,
galu akabwerera, nawo umakhala pansi.
Koma mtima ukafooka, mtsemphawo umagwidwa nthumanzi,
umakuwa usana, umakuwa usiku,
mpaka mawu kusasa,
mpaka mtima kugontha.

Sindinapite patali ndi sukulu, koma apo ndinamva.
Ndinakwerapo minibasi ya ku Chirimba
injini ikutsokomola pachitunda,
utsi uli tolotolo, tonse tili chete,
kondakitala yekha akumenya chitseko:
Tiyeni adalaivala! Tiyeni!
ngati kukuwa ndi mafuta.

Ndiye muli kondakitala m'chifuwa mwakomu.
Ndikumuona pamtsempha wa pakhosi ukudumphawu,
pathukuta lozizira la pachipumi,
pazala zako zozizira ngati mpope wa m'mamawa.
Si woipa ayi.
Akuopa kuti mukaima pachitunda mubwerera chambuyo.

Ndinafunsa: Nanga simungam'tsitse?
A Msowoya anapukusa mutu.
Popanda iye galimoto siyenda, anatero.
Tiyambe taphwetsa madziwa, zinazo tiona.
Tiona.
Mawu amenewa ndawapinda pamodzi ndi ya thiransipoti
pamfundo ya chitenje.

Tsono ntchito yanga ndi kuwerenga.
Mikodzo m'botolo: yafika pamzere wachinayi.
Mchere m'ndiwo: palibe, ngakhale undiyang'ane choncho.
Kugunda kwa padzanja: ndimasokoneza ndikadutsa makumi asanu ndi anayi,
wotchi ya pafoni isanatembenuke.

Bedi la pafupi ndi zenera alichotsa nsalu madzulo ano.
Gadiyani wake wandisiyira beseni ndi theka la sopo.
Sindinam'funse dzina.

Fosholo yako ili ndi Yamikani wa a Nasiyaya.
Akuti akumba mpaka udzachire, ndalama tizigawana.
Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinamuuza za nkhono, ndinamuuza za jombo,
anaseka kuseka kwako komwe kuja.

Kunja kukuyera.
Pa Ginale oitanira ayamba kale: Limbe! Limbe wopita!
Wodi yonse ikutsokomola motsatizana.
Ndaika khutu pachifuwa pako,
pamene ndinkagonera tili ku Chilobwe m'kanyumba ka lendi,
ndipo ndikulankhula naye mnyamata wa m'katimo,
motsitsa, kuti anesi asanditenge wamisala:

Achimwene, pepani, takumvani.
Palibe galu kuno, palibe wapolisi.
Siyani kumenya chitseko.
Adalaivala atopa, koma njira akuidziwa.
Aloleni akwere ndi giya yaing'ono,
ife sitikufulumira.